Timasamalira agogo a ku Indiana, koma antchito athu akadwala?

Kampani yathu imasamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Indiana, m'dziko la America. Tinaiyamba ine ndi mayi a kunyumba mu 2009, iwo atagwirapo ntchito kumalo osungirako okalamba. Timasambitsa agogo, kuwaphikira, kuwakumbutsa mankhwala, kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda, ndi kucheza nawo ana awo akapita kuntchito. Ofesi yathu yoyamba inali tebulo lodyera.

Chaka chomwecho dziko lonse linali pa mkangano wa inshuwalansi ya zaumoyo. Mu Ogasiti, aphungu akapita kwawo kukachititsa misonkhano, anthu ankawakuwiza mpaka kusowa polankhulira. Mkanganowo tinkaupeza ngakhale m'nyumba za makasitomala. Agogo ena ankandigwira dzanja n'kundifunsa ngati boma liwalande Medicare yawo, inshuwalansi ya boma ya okalamba, chonsecho mtsikana amene ankawasambitsa analibe inshuwalansi ya mtundu uliwonse. Ifenso tinalibe. Mayi a kunyumba amadwala shuga, ndipo nthawi imeneyo kampani ya inshuwalansi inkatha kukukana kapena kukukwezera mtengo chifukwa cha matenda amene uli nawo kale. Tsiku lomwe anasiya ntchito yolembedwa, anasiyanso inshuwalansi yawo. Ambiri ofuna kuyamba bizinesi kuno amagwa mphwayi pomwepa.

Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lotchedwa Affordable Care Act pa 23 Malichi 2010, koma gawo lomwe tinkalidikira, loletsa kukana akuluakulu odwala kale, linayamba kugwira ntchito mu 2014. Webusaiti ya boma yogulirapo inshuwalansi ya HealthCare.gov itatsegulidwa pa 1 Okutobala 2013 inkangoima, anthu n'kumalusa. Ife tinapirira mpaka tinalembetsa, mayi n'kuyamba kuonana ndi dokotala popanda mantha. Pa chimenechi sindidzalinyoza lamuloli.

Kwa antchito nkhani inavuta. Lamulo limakakamiza bwana wa anthu 50 kapena kuposa, ogwira maola 30 pa sabata, kuti aziwapatsa inshuwalansi. Ife sitinafikeko, ndiye palibe wotikakamiza, koma mtima sutipatsa mtendere. Boma limachotserako msonkho mabizinesi a anthu osakwana 25 ngati bwana akulipira theka la mtengo wa inshuwalansi, koma kuyambira 2014 mwayiwu ndi wa zaka ziwiri zotsatizana basi. Zikatha, udzionera wekha. Kukweza mitengo sitingathe, chifukwa makasitomala athu ambiri amawalipirira ndi Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, ndipo ndalama ya pa ola amaika ndi boma. Tinawerengera ndi mayi mobwerezabwereza, masamu anakana.

Ndiye chomwe timachita n'chakuti, kulembetsa kukatsegulidwa mu Novembala, timakhala pansi ndi wantchito aliyense kumuthandiza kudzaza mafomu. Mu 2015, bwanamkubwa wa Indiana Mike Pence atakulitsa Medicaid kudzera mu ndondomeko ya HIP 2.0, angapo analowa mmenemo. Achemwali ochokera kunja amene angolandira kumene green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, amadikira zaka zisanu asanaloledwe Medicaid, choncho iwo timawathandiza kugula pa webusaiti ija, komwe boma limathandizako malinga ndi malipiro a munthu.

Komabe anthu timataya. Mayi wina wogwira ntchito bwino, amene agogo anamuzolowera mpaka kumamuti mwana wawo, anabwera nati, "Bambo, pano ndimapakonda, koma amuna anga akudwala mtima. Kuchipatala chachikulu andilonjeza inshuwalansi ya banja lonse." Ndikanamuletsa bwanji? Ndinamulembera kalata yabwino, kenako ndinapita ndekha kukawauza agogo aja. Analira.

Okwiya ndi lamuloli ndimawamvetsa. Pali anzanga a mabizinesi amene mtengo wa pamwezi unawakwerera, ndipo akadwala amayamba alipira okha madola masauzande inshuwalansi isanaponyepo kanthu. Munthu wotere ukamuuza kuti zinthu zili bwino, wamunyoza. Koma chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi kusadziwa za mawa. Mu Juni 2012 tinadikira chigamulo cha khoti lalikulu, lamulo linapulumuka. Usiku wa pa 28 Julayi 2017 sindinagone mpaka phungu John McCain atavota kukana kulifafaniza ku nyumba ya malamulo ya Senate. Mu 2021 boma linawonjezera thandizo la ogula inshuwalansi, antchito athu n'kupumirako, koma thandizolo linali ndi malire, kumapeto kwa 2025. Aphungu atalephera kugwirizana, ntchito za boma zinaima masiku 43 kuyambira pa 1 Okutobala 2025, ndipo zinayambiranso thandizolo lisanawonjezeredwe. Aphungu a zipani zonse ziwiri ali ndi inshuwalansi yawo. Akamakokanakokana, amene amalandira kalata ya mtengo watsopano ndi mayi wosambitsa agogo uja.

Tinali ndi maganizo otsegula nthambi ina m'tauni yoyandikana nafe, popeza mabanja akumeneko amatiimbira foni kawirikawiri. Tayamba taimika kaye. Ndalama yomwe tinasungira lendi tikuigawa kwa antchito monga yowonjezera pa malipiro, kuti aliyense athe kupitiriza kulipira inshuwalansi yake mwezi ndi mwezi. Kalata yopita kwa phungu wa dera lathu tinalemba limodzi, ndipo aliyense anasaina dzina lake.