Masiki atavulidwa, kuchipatala kunkachitika zotani?

Temu ino tikuphunzira kuwerenga magalafu a miliri, ndipo funso limene aphunzitsi anatipatsa ndi lakuti: boma likafewetsa malamulo a Covid-19, odwala amachuluka kapena ayi?

Pagulu lathu wina anayankha asanakhale n'komwe pansi. Kuno ku Zambia ziletso zambiri za misonkhano, mabala ndi mapemphero zinachotsedwa kumayambiriro kwa Okutobala 2021, ndipo pomafika Khirisimasi opezeka ndi kachilombo anali mbwee. Iye amvekere, umboni wina wa chiyani? Ine ndinakana. Okutobala yense mpaka Novembala manambala anali pansi, chikhalirecho ku msika wa Saturday Market ku Chipata masiki ambiri anali atatsikira kale pachibwano, ena ali m'thumba kudikira pakhomo la banki. Chimene chinabwera pakatipo ndi Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19, yomwe akatswiri a ku South Africa analengeza kumapeto kwa Novembala.

Chandigwira mtima kwambiri n'kusiyana kwa mafunde awiriwa. Nthawi ya Delta, mtundu umene unatsogola Omicron isanafike, mu Juni ndi Julayi 2021, katemera anali atangoyamba mu Epulo, mabedi anadzaza ndipo masilinda a okosijeni ankachita kulimbirana. Omicron inagwira anthu ambiri kuposa pamenepo, koma ofuna okosijeni anachepa, poti ena anali atabayitsa, ena anali atadwalapo kale, komanso mtunduwu sunkawononga mapapo ngati unzake uja. Ku Denmark anachotsa ziletso pa 1 Febuluwale 2022 opezeka ndi kachilombo ali ochuluka zedi, chifukwa maso awo anali pa odwala mwakayakaya, amene ankachepa.

Manambala nawonso ali ndi khalidwe lawo. Munthu akatenga kachilombo lero, pabedi la chipatala amadzafikapo patatha sabata kapena kuposa, ndiye galafu ya zipatala imatsatira m'mbuyo ngati ngolo. Mayi wobwera kudzachira akamuyeza n'kumupeza nako, amalowa m'kaundula wa Covid-19 ngakhale sakutsokomola. Nanga agogo a kumudzi ku Vubwi kapena ku Chadiza, amene anafunda bulangete n'kufukiza masamba a bulugamu osapita kukayezetsa, alembedwa pati?

M'lipoti langa ndasankha kutsata odwala amene anaikidwa pa okosijeni, sabata ndi sabata, ndipo pambali ndikulemba mtundu wa kachilombo umene unkazungulira mwezi umenewo. Aphunzitsi avomera, koma ati ndiwonjezepo chiwerengero cha amene anayezedwa.