Poizoni wa kolera amalowa bwanji mu selo?

Kwathu kuno ku Mulanje anthu amandifunsa kuti PhD munamaliza kale nde ku labu ko mukufufuzabe chani? Ndili pa postdoc, kafukufuku amene munthu amapitiliza akamaliza PhD, ndipo wanga ndi wa poizoni wa mapuloteni, makamaka wa kolera, momwe amalowera mu selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi.

Kachilombo ka kolera sikalowa m'magazi ayi, kamangokhala m'matumbo n'kumatulutsa poizoni, anazitulukira izi ndi Sambhu Nath De wa ku Kolkata mu 1959. Poizoniyu ali ndi magawo awiri, A ndi B. Gawo B lili ndi tizidutswa 5 timene timamata pa mafuta ena apakhungu la selo otchedwa GM1, selo nayo imangomeza osadziwa kuti yameza chani. Apa mpamene ine ndimathera nthawi pa maikulosikopu chifukwa poizoniyu sapita kokagayidwa, amayenda chobwerera kudutsa mu Golgi mpaka mu ER (tizipinda tiwiri ta mkati mwa selo tokonzeramo mapuloteni), kutsata njira yomwe selo imatulutsira mapuloteni ake koma iye akulowera nayo mkati, ndipo akafika mu ER mo gawo A limadzionetsa ngati puloteni yopindika molakwika, selo n'kulikankhira kunja kwa ER, mkati mwa selo momwemo, kuti likaphwanyidwe koma ilo limapulumuka. Likatero limasiya switch ina ili chiyakire, cAMP (kamankhwala kopereka uthenga mkati mwa selo) n'kuchuluka, mchere n'kumakhuthukira m'matumbo madzi n'kumatsatira. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita imodzi pa ola, nkutsegula kwa madzi ngati otsukira mpunga kuja.

Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo zimandipweteka kwambiri chifukwa poizoniyu sapha selo. Khomo lomwe shuga ndi mchere zimalowera limodzi salikhudza n'komwe, limagwirabe ntchito bwinobwino, n'chifukwa chake Thanzi ORS amathandiza, shuga akamalowa amakoka mchere, mchere n'kukoka madzi kubwerera m'thupi. Amayi, mwana akayamba kutsegula musadikire kuche, mpatseni Thanzi muli panjira yopita kuchipatala.

Nsatsi zomwe zimangomera zokha m'mbali mwa minda zili ndi poizoni wake, ricin. Njira yake ndi yomweyo, Golgi kenako ER, koma ameneyu ndi woopsa mwamtundu wina, amawononga ma ribosome omwe amapanga mapuloteni selo n'kufa. Ana asamatafune nthanga zake chonde.

Funso lomwe tikulimbana nalo pano ndi lakuti tingatseke bwanji njirayi popanda kuvulaza selo, poti nayo imaifuna pa ntchito zake. Mu 2010 ofufuza a ku France anapeza mankhwala otchedwa Retro-2 omwe anateteza mbewa ku ricin potchinga poizoni asanafike mu Golgi. Nde zotheka zilipo, ine ndikuyesa kuona kuti ndi mapuloteni ati a selo omwe amamunyamula wa kolerayu paulendo umenewu.