Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja pa kampeni

Ine ndine mlimi wa mpunga ndi chinangwa kuno ku Nkhotakota. Nditaganiza zoyima pandekha pa ukhansala pa chisankho cha pa 16 September 2025, ndinagulitsa matumba a mpunga wa kilombero kuti ndilipire ndalama yolembetsera ku MEC ndi kusindikiza zithunzi. Nsalu zogawa ndinalibe, galimoto ndinalibe.

Zikomo amayi a m'mbali mwa nyanja amene munkandiphikira kondowole ndi usipa msonkhano ukatha, osapempha kalikonse. Inunso anyamata a kabaza, munafalitsa uthenga wanga m'midzi imene sindikanafika.

Koma amene mwandikhala pamtima ndi inu achimwene amene munandipeza pa msewu wa M5, pafupi ndi mlatho wa Bua. Tcheni cha njinga yamoto chinaduka kutada kale, pamene m'mawa mwake ndinkayembekezeka kwa amfumu. Simunkandidziwa, koma munaimika ulendo wanu, n'kundiunikira ndi foni mpaka tinachilumikiza. Dzina lanu sindinafunse, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Mpandowo sindinaupeze, ndabwerera kudambo. Achimwene, mukadzadutsa kwathu nthawi yokolola, thumba lanu la mpunga mudzalipeza.