Agogo a chipewa chofiira

Ku Dedza ndadutsako kosawerengeka, koma kudutsa chabe, mphuno ili pagalasi la basi. Ndiye mu Juni muja, nditapita kukazonda alamu anga, ndinati ulendo uno bomali ndiliyendeko ndi miyendo yangayi.

Padepoti ndinafika m'mawa, ndili ndi thumba la kachewere loti ndikapatse mayi a kunyumba ku Kawale. Anyamata oitanira anandilandira ngati mfumu. Thumba linatsogola lili m'mwamba, ine pambuyo ndikulithamangira. "Ya Lilongwe iyi bwana, watsala mmodzi!" Kusuzumira mkati, anthu anayi. Amene anakwerapo minibasi amadziwa kuti "watsala mmodzi" ndi maola awiri. Ndinalipiriratu, thumba analikankhira kunsi kwa mpando wakumbuyo, ine n'kuuza kondakitala kuti ndikukawongola miyendo.

Apa ndi pomwe ndinaonetsa nzeru zanga. Maminibasi onse anali oyera, onse Hiace. Nambala sindinawerenge, ndani amawerenga nambala? Ndinasankha chizindikiro chosasowa: agogo ena a chipewa chofiira choluka, atakhala pawindo, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Agogo, mundisungireko malo."

"Pitani mwana wanga, ine ndilipo."

Kunja kunali chisanu chosaseka nacho. Paja Dedza ndi tawuni yokwera kuposa onse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600, ndipo makutu anga anavomereza msanga, anasiya kumveka kuti ndi anga. Koma phiri lija, abale! Lili pamutu penipeni pa tawuni, mapaini ali m'mbali, nkhungu ikutsika ngati utsi wa m'khitchini, milongoti ya mafoni pamwamba ikuoneka n'kubisalanso. Ndinaima pakati pa msewu, khosi chagada, kukamwa yasa, mpaka wa kabaza anandikhudza chigongono. "Achimwene, phirilo silithawa, tachokani pamsewu!"

Mumsika ndinazungulira pang'ono, kudabwa ndi kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu. Komwe ndinachedwa ndi pachiwaya. Ndinangopita kukaotha moto, koma munthu sungaothe moto wa mwini osagula kanthu. Mnyamata wake anandiikira tchipisi, kabichi pambali, kambuzi pamwamba, ndipo pakamwa pake panali pokoma kuposa tchipisicho. Anandifotokozera za miphika ndi makapu a ku Pottery, kenako za mapanga a ku Chongoni, komwe kuli zojambula za Akafula ndi za makolo athu Achewa, zimene a UNESCO anaziika m'kaundula wawo mu 2006. Ine ndikungogwedeza mutu ngati mlendo wochokera ku Ulaya, n'kuitanitsa mbale yachiwiri.

Pobwerera, chipewa chofiira ndinachionera patali. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, ndipo mumtima ndinadziyamikira kuti ndine munthu wodziwa kuyenda. Ndinadzipanikiza pakati pa amayi awiri. Agogo aja anandimwetulira, n'kunena kuti akubwera, akutsika pang'ono. Kufunda kwa anthu, tchipisi mbale ziwiri m'mimba, tulo tinanditenga injini isanalire.

Anandidzutsa ndi kondakitala. "Bwana, inu nokha ndi amene mwatsala."

"Ndalipira kale ine."

"Mwalipira ndani?"

Nditamuyang'anitsitsa, nkhope inali yachilendo, koma ndinalimba mtima. "Kodi pa Linthipe tadutsa?"

Minibasi yonse inakhala chete kaye, kenako kuseka kunaphulika, mpaka dalaiva anachepetsa liwiro. Bembeke inali itatsala kalekale m'mbuyo, tinali kuyandikira pa Lizulu, ulendo wa ku Ntcheu. Ndinapisa dzanja kunsi kwa mpando kuti ndigwire thumba langa, ndinagwira nkhuku ya eni, nayo inandijompha.

Mayi wa kumanzere kwanga, akupukuta misozi ndi chitenje, ndi amene anandimasulira. "Bambo, agogo aja sapita kulikonse. Amakhala m'minibasi yopanda anthu kuti izioneka ngati ikudzaza. Ikadzaza amatsika, kulandira kangachepe, n'kukakhala mu ina." Ndiye kuti ndikudya tchipisi, yanga inadzaza n'kunyamuka, kachewere wanga ulendo wa ku Lilongwe yekhayekha, pampando wolipiridwa.

Ndinalipira kachiwiri n'kutsika pa Lizulu. Mantha anali atatsikira m'chikhodzodzo, ndiye ndinawoloka msewu kukataya madzi kuseri kwa chitsamba. Pobwerera, mnyamata wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndadinditsa pasipoti. Paja pamenepo msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Tsiku limodzi ndinaona Dedza, Ntcheu ndi dziko la eni, Lilongwe yokha ndiyo inandikanika.

Ndalama zotsala ndinagula ndowa ya kachewere, chifukwa kufika ku Kawale chimanjamanja alamu atayimba kale foni kukanakhala mlandu wina. Ndinakwera ya ku Lilongwe, ulendo uno nditafunsa anthu atatu osiyana.

Itakhotera padepoti ya Dedza kutsitsa anthu, dzuwa linali litapendeka. Pawindo la minibasi ina yopanda anthu panali chipewa chofiira. Agogo anandizindikira, anakweza ndodo n'kukuwa: "Mwana wanga, munalowera kuti? Malo anu aja ndikusungabe!"