Dot Patch, Ameni

Inde, mayi aja anati Ameni. Koma poti nkhaniyi yafika kale ku Rosettenville itathiridwa mchere, imvaninso kwa mwini wake.

Mafayilo aja a patch, okonzera zolakwika mu pulogalamu ya kompyuta, sindinawatche maina ine, anatcha ndi git, chida chosunga mbiri ya zomwe wasintha mu pulogalamu. Ukalamula git format-patch, iyo imangotola mzere woyamba wa uthenga wa commit, womwe umalemba posunga zomwe wasintha, n'kulumikiza mawuwo ndi timizere, kutsogolo manambala anayi, kumapeto .patch. Sifunsa ngati mzerewo unaulemba pakati pausiku, magetsi atathima, m'mimba muli buledi yekha.

Ndiye Lolemba ku ofesi ku Braamfontein abwana akuti tione debian/patches/series, fayilo ya mndandanda wa ma patch, pa projekita, poti quilt, chida choikira ma patch, imawaika motsata mndandanda umenewo. Abwanawa ndi Mzulu wa mawu a besi, ndipo chilichonse chooneka pakhoma amachiwerenga mokweza.

0001-fix-build.patch. Palibe vuto. 0002-tiyeseko-apa.patch. Anakhosomola. 0003-zakanika. 0004-zakanikanso. Apa ndi pomwe analowa mayi athu a ku Ntcheu, amene amatiphikira tiyi, thireyi ili m'manja.

"Ambuye ndithandizeni, dot patch."

Mayi anaima.

"Ambuye inenso ndine mwana wanu, dot patch."

Mayi anatsitsa thireyi pang'onopang'ono, n'kutsinzina. Abwana osaona kanthu, akungotsika nawo mndandanda mwaulemu ngati mkulu wa mpingo, liwu lililonse kulitafuna bwinobwino. Ine thukuta kamukamu, mu Julaye, Joni yonse ikunjenjemera ndi chisanu. Atafika pa "mwandisiyiranji, dot patch", mayi anayankha kuchokera pansi pa mtima, makapu mpaka kulira: "Ameni!"

Zii. Kenako mnyamata wa ku Soweto, yemwe nthawi yonseyi amasakasaka pa laputopu, akuti phukusi lotchedwa Ambuye sakulipeza mu apt, chida chopezera ndi kuikira mapulogalamu, kodi ndi dependency, chija pulogalamu singayende popanda icho? Ndinati eya, yaikulu ndithu.

Tsono musanandiseke kwambiri: Debian, mtundu wa Linux, sikakamiza munthu dzina la patch, bola lifanane ndi lomwe lili mu series. Zoyamba ndi dzina la pulogalamu ndi version yake ndi mwambo wa a Gentoo, mtundu wina wa Linux, ife si a Gentoo. Mitu ya DEP-3, yofotokoza za patch pamwamba pa fayilo, ndinadzaza, Description, Origin, Forwarded, m'Chingerezi chowongoka. Ndipo build, ntchito yomanga pulogalamu, inadutsa itangolowa patch ya Ambuye ija, zimenezi a ku Rosettenville sakuzinena.

Pano akhazikitsa lamulo loti dzina lizinena chomwe patch ikukonza. Chabwino. Mayi aja amandithirira shuga wambiri masiku ano, ndipo akuti Lachisanu kuli mapemphero a usiku wonse ku Yeoville, ndisalephere. Sindinawayankhebe.