Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: msana wa Chisomo ndi nkhani ya mbewa

Gawo lathali ndinalekeza pamene mwana wanga Chisomo, amene anabadwa ndi vuto la msana wosatsekeka lotchedwa spina bifida, anatuluka m'chipatala, msana atausoka, kenako atamuikanso kapaipi ka shunt m'mutu kuti madzi asamadzazane. Tinabwerera kwathu ku Mufakose ku Harare mwana ali moyo, koma mtendere m'nyumbamo munalibe.

Anthu amalankhula abale inu. Ena amati ndinkadya mazira ndili woyembekezera, ena amati ndinaseka munthu wolumala, ena mpaka amati ku Mbare Musika komwe ndimaoda tomato alipo amene anandichita chipongwe chifukwa cha nsanje ya bizinesi. Apongozi anga, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana, sanandiyankhulepo choipa ayi, amangomuyang'ana mwana uja pamsana kenako nkundiyang'ana ine nkuusa moyo, ndipo zimenezo zimandilasa kuposa zonena za anthu akunja.

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a Chisomo, nthawi imeneyo amaphunzira sayansi ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant. Lamulungu lina titaweruka ku CCAP anandipeza pakhonde ndikuchapa matewera.

"Alamu, mimba ya Chisomo munaizindikira liti?"

Ndinati mwezi wachiwiri ukupita kokatha.

"Ndiye pamene inu mumazindikira, za msanazi zinali zitachitika kale."

Anang'amba pepala mu kope lake, nkulipinda m'mbali ziwiri zonse mpaka m'mphepete mwake munakumana likuoneka kapaipi. Anati ubongo ndi mtsempha wa mu msana zimayamba chonchi, kachinthu kafulati kamene kamapindika nkumatsekeka ngati zipi, ndipo pofika tsiku la 28 mimba itangokhala kamayenera kukhala katatsekeka konse, nthawi imene amayi ambiri amangoti mwina kumwezi kwachedwa. Kakapanda kutsekeka kumtunda ubongo supangika bwino ndipo mwanayo sakhalitsa. Kakatsala kumunsi, anasiya kumapeto kwa pepala kuli yasa, ndiye spina bifida ya Chisomoyi.

Apongozi anali atakhala pamkeka chapafupi akusankha nyemba, anafunsa kuti iwe ukudziwa bwanji za m'mimba mwa munthu, unalowamo? Iye anati amayi, anthu anaziona pa mbewa. Iwo kudabwa, mbewa zomwezi za ndiwo? Anati ayi, izi ndi zoweta mu labu, mimba yake imangotenga pafupifupi masabata atatu ndipo kapaipi kaja kamatsekeka cha pakati pa tsiku la 8 ndi la 10, ndiye munthu utha kuonerera zonse pa maikulosikopu. Akatswiri anapeza njira yozimitsira gene imodzi yokha mwa mbewa, ma gene ndi malangizo aja a m'maselo amene timatengera kwa bambo ndi mayi, kenako nkuona kuti ana ake abadwa bwanji. Amene anatulukira njirayi, Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies, analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Mwa mbewa apeza ma gene opitirira 200 oti ikangosokonekera imodzi kapaipi sikatseka. Anatchula ziwiri zimene ndinazilemba kuseri kwa khadi la kusikelo, Pax3 ndi Vangl2. Pa foni anationetsa kamwana ka mbewa kosabadwa, kakang'ono zedi, kumunsi kwa msana kuli kotsegula pamalo omwewo pomwe Chisomo ali ndi chipsera. Apongozi anaitenga foni ija nkuiyandikitsa kumaso, anaiyang'ana nthawi yayitali ndithu.

Ine ndinafunsa funso limene linkandisowetsa tulo, ndiye ma gene oipawo ndi anga? Anati alamu, mwa anthu nthawi zambiri si gene imodzi, ndi tating'onoting'ono tambiri tochokera mbali zonse ziwiri, kwa inu ndi kwa achimwene, kuphatikizapo zakudya makamaka vitamini wotchedwa folic acid. Kwa achimwenenso. Mawu amenewo ananena amayi awo akumva ndipo ndimamuthokozabe mpaka lero.

Za folic acid zi ndi zomwe zimandiwawa. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wa ku Britain anasonyeza kuti kwa amayi amene anaberekapo mwana wotere, kumwa folic acid mimba isanakhale kunachepetsa kubwerezanso ndi 72 peresenti. 1991 abale, ine ndisanakwatiwe nkomwe. Mayi aliyense amene angatenge mimba amafunika 400 micrograms patsiku, koma ife timapilisi timeneti timakalandira tikayamba sikelo mimba ili miyezi itatu kapena inayi, ntchito yake pa msana itadutsa kale, ndipo palibe amene amatiuza tili atsikana. Mu 2017 boma la kuno ku Zimbabwe linalamula kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wa m'mafakitale azithiramo mavitamini kuphatikizapo folic acid, nzabwino, koma ambiri a ife tikakolola timinda tathu ta m'mbali mwa msewu timapita kuchigayo, ufa umenewo mulibe zimenezo.

Komanso si onse amene folic acid amawateteza, zimenezinso mbewa ndi zomwe zinasonyeza. Pali mtundu wina wa mbewa za michira yopindika umene folic acid sauthandiza, koma mu 1997 Nicholas Greene ndi Andrew Copp ku London anapeza kuti chinthu china chonga vitamini chotchedwa inositol ndicho chimathandiza. Ndiye mayi amene anamwa mapilisi bwinobwino nkuberekabe mwana wotere asamuloze chala.

Lachinayi lotsatira ku chigwirizano mayi wina atayambanso za mazira zija, apongozi anamudula pakamwa, anati mpongozi wanga musiyeni, nkhaniyi ndaimva ndi makutu anga ndipo mbali ina ndi ya magazi a kwathu. Patapita nthawi ife ndi bambo a Chisomo titaganiza za mwana wachiwiri, adokotala anandilembera 5 mg patsiku kuti ndiyambe miyezi ingapo mimba isanakhale. Mantha a mimba imeneyo ndi za sikani yoyamba ndikufotokozerani mu gawo 10.