Ulendo wa ku Mangochi, ndi momwe a Tcheyamani adathera ku Paris

Tidanyamuka pa Liwonde Loweruka m'mamawa, anthu 12 ndi malaputopu 5, kukachezera anzathu okonda zakuthambo a ku Mangochi. Tili pa Ulongwe m'pamene a Msungichuma adakumbukira kuti fulashi ya Stellarium, pulogalamu yoonetsa thambo ndi nyenyezi pa kompyuta, yatsala pa tebulo kunyumba. Zomwe zidayankhulidwa m'minibasi muja sizolemba pano.

Tidangokopera fayilo ya eni mudzi. Yawoyo inali ya 64-bit, ndiye laputopu yakale ya a Mlembi, yomwe ili ndi Windows ya 32-bit, idaikana kwamtuwagalu. Musanakopere, yambani mwaona mzere wa System type pa Settings, System, About. Zinazo zidalandira, kungoti Windows idayamba yachenjeza kuti siikuidziwa pulogalamuyo. Pamenepo mumadina More info kenako Run anyway.

Yomwe idatidyera tsiku ndi laputopu ya Amayi a Sayansi. Ukatsegula Stellarium, sikirini bii, kenako yatseka yokha. Ena adayamba kale kunena za vairasi. Mnyamata wa eni mudzi sadatsutsane ndi munthu, adangolemba %APPDATA%\Stellarium pamwamba pa File Explorer n'kutsegula fayilo ya log.txt, momwe pulogalamuyi imalemba mtundu wa OpenGL (njira yomwe kompyuta imajambulira zithunzi pa sikirini) womwe yapeza. Unali 1.1, wakale zedi. Mu Device Manager, pansi pa Display adapters, padalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, kusonyeza kuti amene adaikamo Windows sadaike draiva ya zithunzi. Mankhwala enieni ndi kuika draivayo. Poti netiweki inkachita kukoka miyendo, tidatsegulira pa MESA mode ya mu Start, yomwe imajambulitsa thambo ndi purosesa. Imayenda modukizadukiza koma nyenyezi zimaoneka. Ofuna ANGLE mode, njira ina yotsegulira pulogalamuyi zithunzi zikamavuta, adziwe kuti imapezeka mu Stellarium yolembedwa Qt5 yokha. Ndipo mukasokoneza masetingi mpaka osadziwa pobwerera, tsekani pulogalamu, sinthani dzina la config.ini mufoda yomweyo, idzapanga ina yatsopano.

Nkhomaliro inali nsima ya chambo chootcha, thobwa pambali. Mitu inalipo 8, ofuna mitu 11. A Msungichuma ati agawe okha, gulu lonse lidakana: woiwala fulashi sagawa mitu. Adapatsidwa mchira. Achimwene aja amati sadya nsomba ya minga adadya ziwiri, mboni zilipo.

Madzulo, tidakambirananso za zopereka ndi zoyendera masukulu. Zili m'maminitsi.

Usiku mwera ukuomba tidatsikira kumchenga, masikirini atafiiritsidwa ndi Ctrl+N kuti maso asataye mdima. Mlalang'amba udachita kuyala. Nyenyezi za mtanda, Crux, zili apo kummwera aliyense akuziona, koma a Tcheyamani akuti pa laputopu yawo palibe, ndiye pulogalamuyi ndi yabodza. Mkangano udatenga theka la ola. Kuyang'ana m'munsi mwa sikirini, padalembedwa Paris! Popanda intaneti Stellarium sidziwa komwe ili, ndipo ku Paris mtandawo sutuluka n'komwe. Dinani F6, ikani madigiri a ku Mangochi, pafupifupi 14.5 kummwera ndi 35.3 kummawa, nthawi ikhale UTC+2, chongani kuti malowo akhale okhazikika, kenako dinani 8 kuti ibwerere pa nthawi ya tsopano. Mtanda udatulukira pomwepo. Kuyambira usiku umenewo dzina lawo ndi a ku Paris.

Wina adadandaula kuti zithunzi za Eta Carinae, nyenyezi ya mumtambo wa mpweya pafupi ndi Crux, zasowa. Chigongono chidagunda batani la I, lomwe limazizimitsa. Koma zithunzi za DSS, zomwe ndi za thambo lenileni zojambulidwa ndi matelesikopu, zimachokera pa intaneti, bandulo ikatha musavutike n'kuikanso pulogalamu.

Zikomo amayi omwe adatiphikira, abambo omwe adatibwereka jenereta magetsi atathima, ndi mnyamata wa log.txt uja, yemwe tamulonjeza mutu wa chambo akadzabwera kwathu. Adalaivala, pepani chifukwa cha mchenga m'mipando. A ku Paris, tchaja yanu ili kwa a Mlembi.